Mzere Umene Unakana Kufufutika

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandisunga pa ntchito yanga yoyamba, pamene ndinali wosadziwa zambiri koma wodziyesa katswiri. Akanapanda kundigwira dzanja tsiku lina Lachinayi, zala zangazi zikanavula mayi wina pamaso pa anthu, mayi amene sanandilakwirepo kanthu. Ulemu ubwerere kwa Iye. Mayina a anthu m'nkhaniyi ndasintha, ndipo zina ndaphimba dala. Mukawerenga mumvetsa chifukwa chake.

Kwathu ndi kwa Kanduku. Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinapita ku Blantyre kukaphunzira kompyuta miyezi isanu ndi umodzi, ndikukhala kwa azakhali. Nditabwerera ndinatha chaka chathunthu ndikulima mtedza ndi kumangirira mbuzi, setifiketi ili pansi pa sutikesi. Mtima sunkakhala m'malo. Ndinkapalira mzere umodzi n'kuima, maso kumsewu, ngati pali wina amene anandilonjeza kuti abwera.

Amene anandipezera ntchito ndi mayi wina wa paboma, mtsogoleri wa amayi m'mipingo ya kwathuko. Ndiziwatchula a Nangondo. Anandimva ndikuwerenga Mawu pa msonkhano wa amayi, ndipo titaweruka anandifunsa chimene ndimachita. Nditawauza anangoti ndikonze chikwama. Ananditengera paboma, anandipatsa mphasa ndi malo m'chipinda cha mwana wawo wamkazi, Tiyamike, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza kwa a Malunga.

A Malunga anali bambo wachikulire wochokera ku Mulanje. Anagwira ntchito yotaipa m'maofesi a boma mpaka kupuma, kenako anatsegula kaofesi kawo pafupi ndi msika. Munali makompyuta awiri, pulinta, makina a fotokope ndi makina okutira mapepala m'pulasitiki. Kunkabwera aphunzitsi, alembi a mipingo, alimi a manachesi, madalaivala a malole ndi maejenti a pa malire. Pondiyesa anandipatsa kalata ya pamanja ya dalaivala wina kuti nditaipe. Nditapulinta anatenga rula n'kuyeza m'mphepete mwa pepala.

"Zala zili bwino," anatero. "Koma muno sitiyambira pa tsamba loyera."

Lamulo lawo linali limenelo. Kalata yatsopano inkabadwa kuchokera mu yakale. Unkatsegula kalata ya dzulo mu Word, n'kudina Save As, n'kuipatsa dzina lina, n'kufufuta mawu onse, n'kulemba atsopano. Potero m'mphepete, kukula kwa zilembo ndi malo a deti zinkakhala momwe a Malunga ankafunira. Anachita zimenezi zaka zambiri, ngakhale posintha makompyuta ankasamuka ndi mafayilo awo onse. Makalata onse a muofesimo anali a mtundu umodzi, ana ndi zidzukulu za kalata imodzi yoyamba.

Kufikira pamene ndinafika ine, ntchito yonse inkatuluka pa pepala. Ndine ndinabweretsa zosandutsa kalata kukhala PDF n'kuitumiza pa foni kapena kuiika mu fulashi. Makasitomala anakondwa, makamaka a pa malire amene safuna kuyenda ulendo chifukwa cha pepala limodzi. A Malunga anayamba kuuza anthu kuti apeza mwana wa ku Blantyre. Ine mutu unakula. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nditagwira masabata atatu kunabwera ntchito ya ukwati wa Tiyamike. Mnyamata wake anali wa banja la ku malire, lokhala ndi abale ku Zobue ndi ku Tete. Komiti inagwirizana kuti aliyense woitanidwa alandire kalata yake yokhala ndi dzina lake, chifukwa akuluakulu ena amakhumudwa akaitanidwa mwachigulu. Mayina analipo zana limodzi ndi makumi anayi. Wogawa makalatawo anali amalume a mkwati, a Zuze, ejenti woyendetsa mapepala a malole pa malire. Iwo anati adzatenga fulashi Lachinayi masana, akatumize ali pa laputopu yawo. Ndinatha masiku awiri ndikupanga makalatawo mwa lamulo la a Malunga, iliyonse Word yake ndi PDF yake, zonse mu foda imodzi.

Lachinayi m'mawa ndinafuna kutsimikiza ngati dzina la mlendo wina ndalilemba bwino. Ndinadina PDF yake ndipo inatsegukira mu pulogalamu yoyendera pa intaneti. Dzina linali bwino. Koma pamwamba penipeni, pa kachikwangwani kosonyeza tsamba lotseguka, sipanalembedwe za ukwati. Panali zilembo zikuluzikulu zodukira panjira. Ndinaikapo mausi ndipo mzere wonse unaonekera. Unali mutu wa kalata yovomera tchimo la chigololo pamaso pa akulu a mpingo, ndipo kumapeto kwake kunali dzina lonse la a Nangondo.

Ndinatseka. Ndinatsegula ina. Chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Ndinaimirira, ndinakhalanso pansi, ndinaimiriranso.

Ku sukulu anatiphunzitsapo kuti fayilo iliyonse imanyamula mawu ena osaoneka pa tsamba: mutu wake, dzina la woilemba, tsiku limene inapangidwa. Aphunzitsi ankati zimenezi ndi metadata, ndipo ankaziyerekeza ndi kansalu kosokedwa m'kati mwa kolala ya malaya. Tsiku la phunziro limenelo ndinangolemba m'kope kuti ndikhoze mayeso. Pepala lopulinta silionetsa zimenezi. PDF imazinyamula, ndipo pa kompyuta imaziika poyera.

Ndinaitana a Malunga. Anavala magalasi, anawerenga, anawavula. Kenako anatseka chitseko cha ofesi, chinthu chimene sankachita masana, n'kundiuza motsitsa mawu. Zaka zambiri zapitazo a Nangondo ankakhala kudera lina, amuna awo ali ku Joni. Anagwa m'tchimo. Akulu a mpingo wa kumeneko anaweruza nkhaniyo paokha, ndipo anawauza kuti alembe kalata. Kalatayo inali yoyamba kutaipidwa pa kompyuta yoyamba ya a Malunga, ndipo Word ya masiku amenewo inkatenga mzere woyamba n'kuusunga ngati mutu wa fayilo. A Nangondo anabwezeredwa mumpingo, amuna awo anawakhululukira, banja linasamukira paboma, ndipo bambowo anamwalira nkhaniyo ili mumtima. Ana anali aang'ono, sadziwa kanthu. Patangotha sabata kalatayo itataipidwa, a Nangondo anabweranso kudzapempha kuti kalata ija ichotsedwe, ndipo a Malunga anaifufuta iwo akuona. Koma n'kuti atapangirapo kale kalata yachiwiri.

"Ndinawalonjeza kuti yafufutika," anatero. "Edina, mwana wanga, ukudziwa kuchotsa kwake?"

Ndinati ndikudziwa. Kunena zoona ndinkadziwa theka.

Ndinatsegula foda yaikulu ya makalata, ndinasankha kuti mafayilo aoneke pa mndandanda, ndipo ndinaonjezera danga la Title kuti mutu wa fayilo iliyonse uoneke pambali pa dzina lake. Chimene ndinaona sindidzaiwala. Mzere uja unatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa sikirini. Ndinapukusa mausi, unali ukutsikabe. Kalata yopempha ntchito, kalata ya mgwirizano wa alimi, pulogalamu ya maliro, kalata ya dalaivala wotaya laisensi, zonse zinanyamula tchimo la mayi mmodzi, limene Mulungu ndi mwamuna wake anakhululuka kalekale. Mafayilo anapitirira zikwi ziwiri.

Ndisanadine kalikonse magetsi anazima.

Jenereta tinalibe. Ndinasesa muofesi mosesedwa kale. Ndinasanja mapepala osanjidwa. Ndinatuluka kukayang'ana ngati babu la pa golosale ya pafupi layaka, ndinabwerera, ndinatulukanso. Pemphero linkakana kutalika, linkangothera pa mawu awiri, Ambuye thandizeni. Ndinayamba kuwerenga m'mutu anthu amene ndinawatumizira PDF m'masabata atatu aja. Pa foni kawirikawiri pamaoneka dzina la fayilo lokha, koma maejenti ndi aphunzitsi ena amatsegula pa kompyuta. Ndani anaona? Ndani anaona n'kukhala chete?

Cha m'ma leveni a Nangondo anatulukira ndi jumbo ya manachesi. Anali akuchokera kwa telala. Anandifunsa ngati makalata a mng'ono wanga atha, poti iwo ankamutcha Tiyamike mng'ono wanga. Ndinati atsala pang'ono. Anaseka, anati nkhope yanga ikuoneka ngati ndine wokwatiwa, ndipo anauza a Malunga kuti asamandiumire chakudya. A Malunga anangoyang'ana rula yawo. Sindinathokozepo chifukwa cha kuzima kwa magetsi ngati mmene ndinathokozera nthawi imeneyo, poti sikirini inali yakuda.

Magetsi anayaka itangokwana wani koloko. Ndinayambira foda ya ukwati. Ndinasankha mafayilo onse ndi Ctrl ndi A, ndinadina kumanja kwa mausi, ndinalowa mu Properties, kenako Details. Pansi pake pali mzere wochotsera mawu obisikawa, ndipo ukaudina umakupatsa njira ziwiri. Chifukwa cha phuma ndinavomera yoyamba osawerenga. Njira imeneyo sikhudza fayilo yako, imangopanga inzake yoyera pambali pake. Mwadzidzidzi foda inadzaza kawiri, oyera ndi akuda atasakanikirana, mayina ofanana. Ndinataya mphindi makumi awiri ndikuchotsa makope aja. Ulendo wachiwiri ndinasankha njira yachiwiri, yochotsa m'fayilo momwemo, ndinachonga Title, ndinavomera. Kompyuta inalira ngati chigayo chakutali. Itamaliza, danga la Title linali mbee kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Nthawi yomweyo a Zuze analowa, chipewa cha njinga yamoto chili m'manja. Anali munthu wamtali, wokamba mofulumira, foni ziwiri zikulira mosinthana. Anati malole atatu akuwadikira ndipo alibe nthawi yokhala pansi. Ndinakopera ma PDF mu fulashi yawo. Anathokoza kuti obrigado, natuluka.

Ndinapitiriza ndi mafoda ena, mafayilo mazana awiri pa ulendo umodzi chifukwa ndikachulutsa kompyuta inkauma. A Malunga anasenda nachesi n'kundipatsa theka. Ndikanayenera kupuma, koma mtima unkangogunda ngati pali mwana amene ndamusiya pamsika. Ndimakhulupirira kuti unali Mzimu wa Mulungu wosafuna kundisiya. Patatha mwina theka la ola ndinabwerera ku foda ya ukwati n'kutsegula PDF imodzi.

Mzere uja unali pomwepo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kulakwa kwanga. Njira imene ndinagwiritsa ntchito imayeretsa mafayilo a Word, koma mu PDF siilowa. Ndiponso pa mndandanda uja danga la Title la PDF limaoneka lopanda kanthu nthawi zonse, kaya mutu ulimo kaya mulibe. Ine ndinaona poyera n'kuyesa payera. Sindinatsegule ngakhale imodzi kuti ndione ndi maso.

A Malunga anaimbira a Zuze kawiri, foni zonse zinali zotanganidwa. Sindinadikire ulendo wachitatu. Ndinathamangira pa siteji n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Njira yonse ndinkaona m'maganizo amalume a mkwati akuwerenga mzere uja, akuitana mnzawo kuti adzaone, nkhani ikuwoloka malire dzuwa lisanalowe, Tiyamike akuimva kwa apongozi ake. Tinadutsa mndandanda wa malole, osintha ndalama za kutsidya kwa malire akundikuwira kuti asisi meticais, ine osatembenuka.

Ofesi ya a Zuze inali kachipinda kamodzi. Madalaivala awiri anakhala pa benchi, ndipo mmodzi ankakangana nawo za pepala losowa chidindo. Mkangano umenewo ndi umene unawachedwetsa. Laputopu inali yotsegula, fulashi ili kale m'mbali mwake, foda ya ukwati ili pa sikirini.

Ndinapereka moni mopuma befu, n'kupempha kuti andibwezere fulashi, chifukwa ndalakwitsa ntchito ndipo makalatawo sayenera kutsegulidwa.

"Mwalakwitsa dzina la ndani, achemwali? Ndikonza ndekha."

Ndinati si dzina la mlendo.

"Nanga? Muli vayirasi?"

Khomo lothawira linatseguka lokha. Ndikanangogwedeza mutu, akanaizula okha mwamsanga n'kundithokoza. Lilime linafuna kuvomera. Koma ndinali nditangoona m'mawa womwewo mmene chinthu chobisidwa pansi chimakhalira zaka n'kudzatulukira pa ukwati wa mwana. Ndinaopa kuyala bodza langa pansi pa ukwati womwewo. Ndinati mulibe vayirasi.

A Zuze anaseka, natembenukira madalaivala aja. Anati taonani za ana a masiku ano, akuthamangitsa njinga kuchokera paboma kudzaletsa munthu kuwerenga kalata ya ukwati wa mphwake. Dalaivala wina anati mwina mtsikanayu waikamo kalata yake yachikondi. Onse anaseka. Dzanja la a Zuze linapita pa mausi.

"Bambo," ndinatero, "m'mafayilomo mwatsalira nkhani ya munthu wina, yochokera m'kalata yakale ya muofesi mwathu. Si yanu, si yanganso. Ine ndaiona mwangozi ndipo ndikulakalaka ndikanapanda kuiona. Mukatsegula muiona, ndipo simudzatha kuibweza."

Kuseka kunatha. A Zuze anandiyang'ana, foni imodzi ikulira pa tebulo osaiyankha. Kenako analoza panja, pamene panaima lole ya kontena.

"Mukuiona ija? Zaka zonsezi ndawolotsa makontena osawerengeka. Ikabwera yomata, ine ndimayendetsa mapepala, chomatira sindidula." Anazula fulashi n'kuiponya pa tebulo. "Koma mawa seveni koloko ndiipeze pano. Ndipo a Malunga ndiwauza kuti ntchito yawo yayamba kutayirira."

Anawauzadi, ndipo sanabweretsenso ntchito kwathu. Madalaivala aja mpaka lero mwina amati inali kalata yachikondi.

Nditabwerera ndinafufuta ma PDF onse a ukwati, mu kompyuta ndi mu fulashi. Ndinatsegula kalata iliyonse ya Word, imene tsopano inali yoyera, n'kupanga PDF yatsopano. Iliyonse ndinaitsegula n'kuyang'ana pamwamba ndisanapite ku inzake, zana limodzi ndi makumi anayi. A Malunga anakhala pambali panga akuchonga mayina ndi pensulo. Sanandikalipire. Anangoti tonse awiri tinakhulupirira chimene sitinayang'ane. Mafoda otsala ndinamaliza Loweruka. Makasitomala khumi ndi mmodzi amene ndinawatumizira PDF kale ndinawatumizira zatsopano, n'kuwapempha kuti afufute zakale chifukwa zinali ndi cholakwika chathu. Ambiri anayankha. Awiri sanayankhe, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene anaona. Ndinazisiya m'manja mwa Ambuye, ngakhale kuti kwa miyezi ndinkazitenganso m'manjamo n'kumazitembenuza.

Koma chovuta chenicheni chinandipeza kunyumba madzulo a Lachinayi lomwelo. Tisanadye a Nangondo anatsogolera pemphero monga mwa masiku onse. Ine maso anakana kutsinzina. Ndinkawayang'ana atagwada, ndipo pamwamba pa mutu wawo ndinkaona mzere uja, zilembo zikuluzikulu. Mayi amene anandichotsa kumunda, amene ndinkagona pa mphasa yawo, ndinayamba kuwayeza. Ndinadzifunsa ngati ali woyenera kutsogolera amayi. Ndiye ndinachita mantha, chifukwa ndinazindikira kuti ndayeretsa mafayilo a a Malunga koma fayilo imodzi yatsala, ndipo ndine. Iwo anavomera, analapa, anakhululukidwa ine ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Ndinali yani ine kuti ndiwasungire mutu umene Mwini chifundo anachotsa? Kuchotsa kumeneko kunalibe njira yachidule. Kunanditengera masabata ndikupemphera, ndipo ena mwa masiku amenewo ndinkadya nawo maso ali m'mbale.

Ukwati unachitika. Abale a ku Tete anabwera ndi makalata awo m'mafoni, aliyense ndi dzina lake. A Nangondo anavina mpaka duku linagwa, ndipo a Zuze anavina nawo limodzi osadziwa kuti ndi mayi amene kontena yawo anakana kuitsegula. Sindinawauzepo a Nangondo za tsiku lija. Anapita kwa Ambuye akukhulupirira kuti kalata yawo inafufutika pa tsiku limene anaiona ikufufutidwa, ndipo ndikuthokoza kuti zinatero.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ina, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimachedwa kutumiza zinthu. Kalata iliyonse ndimayambira pa tsamba loyera. Ndikasintha mafayilo ambiri pakamodzi, ndimayamba ndawerenga njira zonse ziwiri, ndipo ndikamaliza ndimatsegula mtundu uliwonse wa fayilo kuti ndione ndi maso anga, chifukwa danga lopanda kanthu si umboni. Wotaipa amagwira mayina a anthu pa nthawi imene iwo ali ofooka, ndipo dzina la munthu ukalitaya panja sulitolanso.

Inu amene mwawerenga, Mulungu adalitse ntchito ya manja anu. Akupatseni mtima wosakhazikika pamene chinthu sichinathe, ndi mtendere pamene chatha. Zimene munalapa zisakutsatireni kwa ana anu, ndipo dzina la mnzanu likagwera m'manja mwanu, lituluke lili lofundidwa. Ameni.